Kusankha Pulezidenti Pomvera Mtsutso: Zimene Umaulula ndi Zimene Umabisa

Mtsutso wa anthu ofuna mpando wa pulezidenti ndi mwambo wa dzulodzuloli kuno ku Malawi. Woyamba unachitika mu 2014, patatha zaka 20 chiyambire kuvota pansi pa ndale za zipani zambiri, ndipo anaukonza ndi mabungwe angapo motsogozedwa ndi bungwe la atolankhani la MISA Malawi. Chiyambire nthawi imeneyo pali chinthu chimodzi chimene sichinasinthe: amene ali pampando sabwera. Mayi Joyce Banda sanapiteko mu 2014. A Peter Mutharika sanapiteko mu 2019. Mu 2025 a Lazarus Chakwera, amene ankaima nawo pansanjayo ali kotsutsa boma, sanaonekere, a Mutharika nawonso osabwera. Chikhalirecho awiriwa ndi amene anagawana mavoti ambiri pa 16 September, a Mutharika 56.8 peresenti, a Chakwera 33.

Ndiye munthu akhoza kufunsa kuti mtsutsowo ndi wachiyani, ngati wopambana chisankho amatha kupambana osapondako phazi. Funsoli ndi lomveka. Yankho langa ndi lakuti mtsutso ndi wothandiza, koma osati pa chimene ambirife timaufunira. Timauonera ngati mpira, kufuna kudziwa amene wagoletsa. Pomwe phindu lake lenileni ndi lakuti umakakamiza munthu kutchula lonjezo pagulu, mdani wake ali pambali, wofunsa mafunso ali kutsogolo, ndipo lonjezo lotero limatheka kuliyesa.

Za kujomba kwa olamulira sizivuta kumvetsa. Pulezidenti akaima pansanja imodzi ndi mtsogoleri wa chipani chopanda phungu ngakhale mmodzi, wamukweza mnzakeyo kwaulere. Komanso iye yekha ndi amene ali ndi zaka zisanu zoti ayankhepo: mizere ya mafuta, mtengo wa chimanga, mankhwala osowa m'zipatala. Anzakewo amangobwera ndi mawa. Iye ali kale ndi wailesi ya boma ndi misonkhano yachitukuko kumene amalankhula popanda womudula mawu. Alangizi ake akawerengera amapeza kuti kunyozedwa masiku awiri chifukwa chojomba n'kotchipa poyerekeza ndi funso limodzi limene lingamukanike dziko lonse likumvera. Wovota ali ndi ufulu wotenga kujombako ngati yankho palokha, koma asaiwale kuti chipani chilichonse chimene chalamulirapo kuyambira 2014 chachita zomwezo.

Pakamwa pokoma

Chimene mtsutso umaonetsa msanga ndi luso lolankhula, ndipo apa m'pamene umanyenga kwambiri. Mayankho ake amakhala a mphindi zochepa, mitu ya mafunso imadziwikiratu, ndipo opikisanawo amakhala atakonzekera ndi alangizi awo mpaka kuloweza ziganizo zoti anthu adzaombere m'manja. Ku America amakumbukirabe mtsutso wa pakanema wa 1960 pakati pa John Kennedy ndi Richard Nixon, osati chifukwa cha mfundo zimene ananena, koma chifukwa Nixon ankaoneka wotopa ndi wa thukuta pomwe mnzake ankaoneka wosalala.

Kwathu kuno pali vuto lina pamwamba pa limeneli, la chilankhulo. Munthu akathyakula Chingerezi timafulumira kunena kuti ndi wanzeru, pomwe mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene voti yake ikufunidwa sanamve kanthu. Ine ndimakhulupirira kwambiri munthu amene angafotokoze kugwa kwa kwacha m'Chichewa kapena m'Chitumbuka chomveka kwa gogo wogulitsa tomato, chifukwa m'chilankhulo chakwanu mulibe mawu aatali obisalamo. Amene sakumvetsa zimene akunena amaonekera pomwepo.

Tisaiwalenso kuti ofuna mpando amachokera kosiyana. A Chakwera anakhala zaka zambiri akutsogolera mpingo wa Assemblies of God, guwa analizolowera. A Mutharika anakhala zaka zambiri akuphunzitsa zamalamulo ku yunivesite ku America, ndipo sadziwika ndi kukometsa mawu pamsonkhano. Malemu a Saulos Chilima anachokera ku kampani ya mafoni, kumene kugulitsa lingaliro m'mawu ochepa ndi ntchito ya tsiku lililonse. Kusiyana kumeneku kumamveka pansanja, koma sikutiuza amene angasankhe bwino nduna ya zachuma.

Pali zina zimene mtsutso umaulula moona. Munthu akafunsidwa funso limene sanakonzekere, mumaona ngati akuganiza kapena akungobwerera ku chiganizo chake choloweza. Akamuputa, mumaona mtima wake. Ndipo akafunsidwa kachiwiri funso limene walizemba, mumaona ngati anali ndi yankho. Nthawi yofunika kuitchera khutu ndi imeneyo, ya funso lachiwiri.

Thumba la K4,495

Kuti timvetse kayesedwe ka lonjezo, titenge limodzi limene Mmalawi aliyense akulikumbukira. Pa kampeni ya chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, mgwirizano wa Tonse unalonjeza feteleza wa K4,495 pa thumba la makilogalamu 50. Lonjezoli linali labwino pa chinthu chimodzi: linali ndi nambala. Silinali ngati "titukula ulimi", mawu amene chipani chilichonse chimanena ndipo palibe angachigwire nawo bodza. Ndipo m'chaka choyamba linakwaniritsidwa. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inalowa m'malo mwa FISP, pulogalamu yakale ya makuponi, boma linaikapo ndalama pafupifupi K160 biliyoni, ndipo mabanja oposa 3 miliyoni anagula fetelezayo pa mtengo umenewo.

Kenako mtengo unakwera kufika K7,500, kenako K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chinatsika mpaka pafupifupi 1.5 miliyoni mu nyengo ya 2023/24. Ena amati linali bodza kuyambira pachiyambi. Ine ndikuona kuti nkhani yake ndi ya masamu amene sanafunsidwe pa nthawi yake.

Feteleza sitipanga kuno, timaitanitsa kunja ndipo timalipira ndi madola. Boma likalonjeza mtengo wosasintha kwa mlimi, ndiye kuti lalonjeza kulipira ndalama yonse yotsala pakati pa mtengo umenewo ndi mtengo weniweni wa pamsika, kaya ikule bwanji. Mtengo weniweniwo uli m'manja mwa zinthu ziwiri zimene pulezidenti sazilamulira bwinobwino: mtengo wa feteleza pa dziko lonse ndi mphamvu ya kwacha. Zonse ziwiri zinatembenuka. Feteleza anakwera pa msika wa dziko lonse mu 2021, n'kukweranso nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu February 2022. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pofika 2025 thumba la m'sitolo linali litadutsa K100,000. Mlimi akulipira K4,495 pa thumba loterolo, boma likanayenera kusenza pafupifupi mtengo wonse, kuchulukitsa ndi matumba awiri pa banja, kuchulukitsanso ndi mamiliyoni a mabanja. Panatsala njira ziwiri zokha, kukweza mtengo kapena kuchotsa anthu pa mndandanda, ndipo zonse zinachitika.

Palibe akanalosera za nkhondo ya ku Ukraine mu 2020. Koma funso lakuti "kwacha ikagwa, mtengo umenewu mudzausunga bwanji?" linali lotheka kufunsa, pakuti kwacha inali itagwapo kale kwambiri mu May 2012, ndipo FISP, chiyambire mu 2005, inakhala ikudya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi chaka ndi chaka. Amene waganizira lonjezo lake amakhala ndi yankho la funso limeneli, ngakhale yankholo likhale lowawa. Amene sanaliganizire amayankha kuti "tikathetsa katangale ndalama zipezeka".

Chiganizo chimenechi muchisamale. Katangale alipodi, Cashgate ya 2013 inationetsa mmene ndalama zimatulukira ku Capital Hill. Koma ndalama zobedwa si ndalama zimene zili penapake m'bokosi kudikira pulezidenti watsopano. Milandu imatenga zaka, zobwezedwa zimakhala zochepa, pomwe feteleza amafunika mvula isanagwe chaka chomwecho. Ndalama za boma zimachokera ku misonkho imene MRA imatolera, ku ngongole, ndi ku thandizo la maiko ena. Lonjezo lililonse latsopano limalipiridwa pokweza msonkho, pokongola, kapena pochotsa ndalama kwina. Munthu akamalonjeza kutsitsa misonkho, kusiya kukongola, ndi kuwonjezera zaulere nthawi imodzi, chimodzi mwa zitatuzo sadzachita, ndipo mwina iye mwini akudziwa kale kuti ndi chiti.

Lonjezo lina la Tonse, la ntchito 1 miliyoni, linali ndi vuto la mtundu wina. Nambala inalipo, koma tanthauzo panalibe. Kodi ganyu wa masabata awiri pa msewu ndi ntchito? Nanga amene walandira ngongole ya NEEF n'kutsegula okala? Popeza palibe anagwirizana za tanthauzo kampeni isanathe, boma linkatha kunena kuti lakwanitsa, otsutsa n'kumati palibe chachitika, onse akuwerenga zosiyana.

Palinso lonjezo limene limakwaniritsidwa ndithu koma n'kubwera ndi katundu amene sanatchulidwe. A Bakili Muluzi analonjeza sukulu ya pulayimale yaulere mu 1994 ndipo anachitadi. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ambiri amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino sakanaona kalasi popanda chisankho chimenecho. Koma zipinda zophunzirira zinali zomwezo, ana anaphunzira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande osaphunzitsidwa ntchito. Ndiye pomva za sekondale yaulere, imene chipani cha DPP chinalonjeza mu 2025, funso silakuti ndi zabwino kapena ayi. Funso ndi lakuti ndalama zimene masukulu ankatolera kwa makolo zogulira choko, kulipira alonda ndi madzi zidzalowedwa m'malo ndi chiyani, ndipo zidzafika pasukulu mwezi uti.

Zili m'manja mwa ndani?

Pansanja aliyense amalankhula ngati mfumu: ndidzachita, ndidzathetsa, ndidzamanga. Malamulo a dziko sanena choncho. Pali zinthu zimene pulezidenti angachite yekha ndi cholembera chake: kusankha nduna zochepa kapena zambiri, kuchepetsa maulendo ake, kuchotsa nduna yotchulidwa pa katangale, kulola lamulo limene linadutsa kale kuti liyambe kugwira ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linakhala pa shelefu zaka zingapo litavomerezedwa, n'kuyamba kugwira ntchito mu September 2020 boma litangosintha. Malonjezo a mtundu umenewu safuna ndalama zambiri, amangofuna mtima, ndipo akalephereka palibe womunamizira. Kwa ine amenewa ndiwo muyeso wabwino wa munthu.

Pali zina zofuna Nyumba ya Malamulo. Bajeti imadutsa kwa aphungu. Kusintha malamulo aakulu a dziko, monga kuchepetsa mphamvu za pulezidenti kumene kwalonjezedwa kangapo, kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, analamulira ndi aphungu ochepa, ndipo bajeti inkachedwa miyezi aphungu akukangana za Gawo 65, lonena za phungu wochoka m'chipani chimene anawinira n'kulowa china. Choncho mtsogoleri wa chipani chaching'ono akamalonjeza kusintha malamulo khumi, mufunseni kuti adzagwira ntchito ndi ndani, chifukwa yekha sangathe.

Ndiye pali zimene zili kunja kwa dzanja lake: mvula, namondwe ngati Freddy wa mu March 2023, mtengo wa mafuta pa dziko lonse, mtengo umene ogula fodya apereka ku okushoni. Amene akulonjeza kuti mafuta sadzasowanso ayenera kufotokoza kumene madola ogulira mafutawo adzachokere, popeza dziko lino limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndipo fodya yekha sakwanitsa. Akatchula migodi, mufunse kuti mgodi uti, uyamba liti, ndipo boma lidzapeza gawo lanji. Akatchula IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, kaya moiyamikira kapena moinyoza, mufunse ngati angavomere kugwetsanso kwacha bungwelo likafuna. Funso limeneli onse amalithawa.

Mtsutso umanena za mawa, koma pafupifupi aliyense woima pansanjayo ali ndi dzulo lake. Mwa opikisana pa chisankho cha 2025 munali apulezidenti akale awiri, pulezidenti wolamulira, wachiwiri wake, nduna zakale, ndi a Dalitso Kabambe amene anatsogolerapo Reserve Bank. Munthu wotere mawu ake muziwaika pambali pa zimene anachita ali ndi mphamvu. Ngati akunena zosiyana ndi zimene anachita, si mlandu palokha, munthu amaphunzira. Koma ayenera kunena chimene chasintha. Amene akulankhula ngati sanakhalepo m'boma akuyesa ovota anthu oiwala.

Chimene timachipeputsa kwambiri ndi womutsatira, amene dzina lake lili pa pepala lomwelo lovotera. Mu April 2012 a Bingu anamwalira ali pampando, ndipo amene analowa ndi Mayi Joyce Banda, omwe chipani cholamula chinali chitawachotsa kale. Ovota DPP mu 2009 anapezeka akulamulidwa ndi PP ya Mayi Banda, yokhala ndi mfundo zina pa kwacha ndi pa ubale ndi maiko othandiza. Ndipo kusamvana kwa pulezidenti ndi wachiwiri wake kwakhala ngati lamulo: a Muluzi ndi a Justin Malewezi, a Bingu ndi a Cassim Chilumpha, a Peter Mutharika ndi a Chilima amene anachoka n'kuyambitsa UTM mu 2018. Wachiwiri wosankhidwa ndi anthu pulezidenti sangamuchotse, amangomulanda ntchito n'kumusiya akulandira malipiro. N'chifukwa chake mtsutso wa omutsatira, umene ambiri amauona ngati wa ana, uyenera kumveredwa mofanana ndi wa akuluakuluwo.

Chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha 2019, chinabweretsanso china chokhudza nkhaniyi. Wopambana tsopano ayenera kupeza mavoti oposa theka. Kale zinali zotheka kulowa ku State House ndi 36 peresenti, monga zinachitikira mu 2014. Lamulo latsopanoli limakankhira zipani ku migwirizano, ndipo mgwirizano umabweretsa funso limene mtsutso suyankha: manifesito amene adzatsatidwe ndi a ndani? Tonse inali ya zipani zisanu ndi zinayi, pangano la MCP ndi UTM silinaonetsedwe kwa ovota, ndipo mu 2024 UTM inatulukamo. Munthu akhoza kuvotera mfundo zimene anamva kwa mtsogoleri wina, n'kulamulidwa ndi mfundo za mnzake. Kufunsa kuti pangano lililonse lotere lisindikizidwe chisankho chisanachitike si kupempha zambiri.

Ndikudziwa zimene wina anganene: Amalawi savotera mfundo, amavotera kwawo. Mapu a chisankho cha 1994 amaoneka choncho ndithu, a Muluzi Kummwera, a Kamuzu Banda Pakati, a Chakufwa Chihana Kumpoto. Ndipo nsalu, malaya ndi tindalama ta pamsonkhano sizinathe ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa. Koma mu 2009 a Bingu anapeza pafupifupi 66 peresenti, kuphatikizapo mavoti ochuluka Kumpoto ndi Pakati, chifukwa cha makuponi a feteleza ndi chimanga chimene chinali m'nkhokwe. Mu 2020 ndi mu 2025 apulezidenti olamulira anagonja motsatizana, ndi kusiyana kwakukulu. Anthu amavotera mfundo, kungoti amaiweruza akaiona m'mbale, osati papepala. Vuto la kuweruza motero n'lakuti kumachitika patatha zaka zisanu. Kumvetsera mtsutso ndi kuwerenga manifesito ndi kuyesa kuweruza zaka zisanuzo zisanayambe.

Pochita zimenezi, tizidutswa ta mavidiyo ta pa WhatsApp ndi Facebook si bwenzi lanu. Amene wadula kachidutswa ka masekondi 30 wakusankhirani kale choti muone, ndipo nthawi zambiri amadula funso lisanathe kapena yankho lisanafike pa mfundo yake. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mitsutso imaulutsidwa yonse pa wailesi monga Zodiak ndi Times, ndipo imatsala pa intaneti. Manifesito ndi mabuku aatali, zoona, koma simufunika kuwerenga onse. Tsegulani mutu umene mumaudziwa bwino kuposa wolembayo. Mphunzitsi awerenge za maphunziro, namwino za umoyo, woyendetsa kabaza za mafuta ndi misonkho ya njinga, mlimi wa fodya za mitengo ndi ngongole za makampani. Pa mutu wa ntchito yanu bodza silibisala, ndipo ngati chipani chalemba zopanda mutu pa zimene mukuzidziwa, mulibe chifukwa chochikhulupirira pa zimene simukuzidziwa.

Kuyesa kumeneku sikuthera tsiku lovota. Chitsanzo chili pafupi: DPP inalonjeza K5 biliyoni chaka chilichonse ku dera la phungu aliyense. Madera alipo 229, ndiye pamodzi ndi ndalama zoposa K1.1 thililiyoni pa chaka. Nambala imeneyi iyenera kuoneka mu bajeti, ndipo pambali pake payenera kuoneka kumene yachotsedwa kapena kumene yakongoledwa. Kenako pali funso la amene adzasainire ndalamazo, phungu kapena khonsolo, popeza thumba lomweli la CDF, la chitukuko cha m'madera a aphungu, lakhala likudandaulidwa za kasamalidwe kake pamene linali laling'ono kwambiri kuposa apa. Zonsezi zimalembedwa m'mabuku a bajeti ndi m'malipoti a khonsolo, ndipo lamulo lija lopeza nkhani za boma limapatsa nzika iliyonse ufulu wokawapempha.